A Wendell ndi Nyale Yabodza

A Wendell Prokop, osamalira mbewa pa labu yathu ku Winnipeg, sankatha kuona mbewa ikumanidwa kanthu. Njere ya mpendadzuwa ikatsala imodzi, ankaidula pakati ndi lezala.

Tinkafufuza ngati kuwala kungathandize pa matenda a Alzheimer, oiwalitsa okalamba aja. Mbewa zodwala tinazigawa pawiri: zina pansi pa nyale yophethira mofulumira, zina pa nyale yabodza, kuti pojambula ubongo tione kusiyana.

"Nanga izi zinalakwanji?" anandifunsa, akuloza za pa nyale yabodza.

"N'zoyerekezera chabe, a Wendell."

"Kaziuze wekha, Noreen. Ine sindingaziyang'ane m'maso."

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, zithunzi za ubongo zinatuluka zofanana ngati mapasa. Dokotala Aubin, mkulu wathu, mutu unawaima. Tinaphwasula makina, tinanyoza wowakonza wosalakwa, osadziwa kuti tikangopita kukadya masana, a Wendell ankanyamula makola onse n'kuwandandalika pa nyale yeniyeni.

"Mwatiphera ntchito yonse, Wendell," anatero Dokotala.

"Koma Dokotala, taonani mmene zachangamukira."

Ine ndiye ndinapsa mtima, digiri yanga inachedwa chaka chathunthu. Sindinawalankhule mpaka chipale chinasungunuka, ngakhale ankandisiyira madonasi pa desiki ngati akundifunsira.

Kenaka anayamba kudyetsa khola limodzi katatu. Tinkaseka, n'kumati mbewazo zili pa phwando. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakhomo, makiyi ali m'manja, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndine mlendo. Kuseka kunathera pomwepo.

Ofufuza ena atayamba kuyesa nyale ija pa anthu odwala matenda oiwalitsa aja, mwana wamkazi wa a Wendell anawalembetsa. M'mawa uliwonse ankakhala pampando atamanga tayi, maso pa kuwala. Ndikapita kukawaona ankandigwira dzanja. "Mayi, ikugwira ntchito, ndikuimva." Dzina langa linali litawathawa kalekale.

Anamwalira mu Febuluwale, kukuzizira koopsa. Ofufuzawo ataulula magulu, mwana wa a Wendell uja anandiimbira foni. A Wendell anali m'gulu la nyale yabodza.

Palibe analakwa, ndikudziwa, ndimaphunzitsa zomwezi m'kalasi. Koma ndinakadzitsekera kwa mbewa n'kulira ngati mwana. Masiku ano labu ili zii, makola sasuntha, zotsatira zimatuluka zoyera bwino. Chimandipweteka n'chakuti miyezi yonse ija, bambo aja anasowa ngakhale mmodzi wowasunthira mpando.