Mzere wa Phulusa ku Zengeza 3

Amene akuti ndine wabodza atule chigubu chake pansi, abwere andiyang'ane m'maso muno, tione ngati apirire osaphethira. Inu Mai Tino, ndakuonani mukukodola mnzanuyo ndi chigongono, ndipo ndakuonani ndisanacheuke n'komwe. Madzi pamjigo pano akutuluka modontha, mzere wafika kuseri kwa tchalitchi, choncho nthawi ilipo yoti mumve za tsiku limene ine amake Chipo, amene sukulu ndinalekera Fomu 1, ndinagwira ntchito imene inakanika kamera yochokera ku Joni. Ndikulumbira pali agogo anga amene anayenda wapansi kuchoka ku Dedza n'kudzagona m'dothi la kuno ku Chitungwiza.

Maso awa si alero. Ndili kamtsikana ndinkaona dontho la mvula likuchoka kumtambo, ndinkaliperekeza ndi diso mpaka pansi, n'kusankha poima pakati pa madontho, moti ndinkafika kunyumba diresi ili youma gwa pamene anzanga anyowa mpaka kudontha. Nditabereka Chipo zinanyanya, chifukwa mwana ali kumsana ndinkamuona akuganiza zolira mawa lake, n'kumutonthozeratu lero. Zaka zimene mashelefu a m'masitolo anayera mbee, ndinkakhala pakhonde kwathu ku Manyame Park n'kuona lole ikunyamuka ku Harare, ndipo ndinkadziwa ngati yanyamula buledi kapena makatoni opanda kanthu pongoona mmene matayala ake akupsompsonera phula. Pamzere wa shuga pakabuka mkangano wakuti wafika poyamba ndani, ankaitana ine. Tsiku lina ndinabweza kumchira azakhali anga enieni, amene anandisambitsa ndili khanda, chifukwa chala chawo chaching'ono chakuphazi chinafika mochedwa. Kuyambira pamenepo anthu ankati maso a Mai Chipo alibe m'bale. Mukumva?

Mafuta atasowa, makombi, maminibasi athu aja, anagona pamizere ya petulo mpaka udzu unamera kunsi kwake, nkhuku zinaikira mazira pamipando, anapiye anakula n'kuikiranso awo, makombiwo asanasunthe. Amuna anatulutsa njinga zakale za abambo awo. Abambo ake Chipo ankapalasa kuchoka kwathu kupita kuntchito ku Harare tsiku lililonse, ndipo liwiro lawo linakula mwakuti ankafika kuntchito mthunzi wawo ukadali pamlatho wa Manyame, mthunziwo unkawapeza masana uli wefuwefu, n'kugona pamapazi awo osadzukanso mpaka nthawi yoweruka. Wofanana nawo anali mmodzi yekha, Che Saidi wa ku Zengeza 1 m'tauni mwathu momwemuno, mwana wa atelala a pafupi ndi mzikiti. Awiriwa akamadutsa limodzi mumsewu wa Seke, amayi ankathamangira kuyanika zovala zonyowa, chifukwa mphepo yawo inkaumitsa bulangete lisanamalize kudontha.

Mbiri imeneyi inawoloka mtsinje wa Limpopo mpaka ku Joni. Kunabwera mkulu wina wowonda ngati sipoko ya njinga, mwini timu ya anthu amene kupalasa njinga ndiyo ntchito yawo, aja ometa miyendo, okwera njinga zoti mwana angainyamule ndi chala chimodzi. Anati akonza mpikisano, ndipo wopambana amutenga kupita naye ku Joni, pasipoti ndi zonse. Mmodzi yekha. Anakweza chala chimodzi kuti tonse timvetse.

Inu mukudziwa mmene mzere wa nyumba zathu unalili nthawi imeneyo. Khomo lililonse linali ndi mkazi woyang'ana kumsewu. Mnansi wanga amuna ake anapita akuti miyezi itatu basi, mafoni awo anayamba aatali, anafupika, anasanduka moni wotumizidwa ndi adalaivala a mabasi, kenako zii. Chipo anali atangoyamba kuimirira, ndipo chogwirira chake chinali thalauza la abambo ake. Iwo anandiuza akupukuta tcheni kuti, "Amake mwana, ndikakhazikika ndidzakuitanani." Ndinachapa malaya awo opalasira, n'kuwasita ndi simbi yamakala. Tayala lawo lakutsogolo linali litang'ambika, m'masitolo munalibe lina, choncho ndinadula chikopa cha nsapato yakale n'kusokerera ndi ulusi wa thumba, chigambacho chinatupa pang'ono ngati chithupsa, koma chinagwira.

Mkulu wa ku Joni uja anabwera ndi kamera yake, ndipo anatifotokozera ngati akuuza ana. Anati kamera imeneyi siyang'ana msewu wonse, imasuzumira pakampata kopyapyala ngati lumo, pamzere pokhapokha, n'kumadula chilichonse chodutsa m'timagawo tosawerengeka, kenako kompyuta imalumikiza timagawoto kuti aone amene wayamba kukhudza. Anati lamulo ndi limodzi: chowerengedwa ndi mphumi ya tayala lakutsogolo, osati mphuno ya munthu, osati dzanja, osati kufuula kwa abale. Atafunsa penti woyera wolembera mzere, tonse tinaseka. Bambo wina anati tithire ufa, ndipo amayi anatsala pang'ono kumuvula malaya, ufa umene tinkaugonera pamzere uja tiuthire pamsewu? Choncho tinapala phulusa m'mbaula zathu, pakuti aliyense ankaphikira nkhuni, n'kulisefa ndi sefa wa ufa, n'kulemba mzere wowongoka kudula msewu pa Zengeza 3. Mkuluyo anauyang'ana nthawi yaitali, anapukusa mutu, n'kulozetsa kamera yake.

Opalasa ananyamuka m'mawa, gulu lalikulu, anazungulira Chitungwiza kangapo mpaka phula linafewa ngati bulangete, ndipo ena onse anathothoka mmodzimmodzi ngati masamba a m'chilimwe, kunatsala awiri amene mukuwadziwa. Fumbi lawo litaoneka patali, magetsi anathima. Anathima monga amathimira masiku onse, osatsanzika. Kompyuta inalira kamodzi n'kuda bii, jenereta inalipo koma m'mimba mwake munali mouma kuyambira chaka chatha, mkulu wa ku Joni anagwira kumutu n'kuyamba kulankhula zilankhulo zitatu nthawi imodzi.

Pamenepo khamu linayamba kufuula Chichewa ndi Chishona chosakanizana kuti aitane Mai Chipo. Wina anati sizingatheke, mwamuna wake ali momwemo. Koma amayi ake a Che Saidi, atafunda mpango wawo woyera, anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Uyu anabweza azakhali ake pamzere wa shuga ine ndikuona. Gwada apa, mwanangu, chimene unene ife tivomera." Ndinalimbitsa mbereko, ndinagwada kumapeto kwa mzere wa phulusa, tsaya pafupi ndi phula.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene opanda chikhulupiriro amayamba kutsokomola.

Anatulukira pakona ataimirira pamapedulo, njinga zikugwedezeka uku ndi uku ngati mabango, mapewa akukhudzana, matcheni atafiira ngati waya wa mbaula, mbalame zimene zinali pamawaya a magetsi zinakokedwa ndi mphepo yawo n'kumauluka chafutambuyo, ndipo atatsala pang'ono kufika onse awiri anaponya njinga zawo kutsogolo, mikono itatambasuka, mimba zili pazishalo, monga amachitira akatswiri. Ine ndinatsegula maso anga onse mpaka kumapeto kwake, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, ndipo dziko linaima. Mukumva? Linaima. Phokoso linalenjekeka m'malere ngati zovala pachingwe, fumbi linayandama chete dzuwa likulipaka golide, chipewa cha mkulu wa ku Joni chimene chinaulutsidwa chinangokhala pamwamba pa mutu wake osakwera osatsika, ndipo dontho la thukuta lochoka pachibwano cha abambo ake Chipo linaima pakati pa njira, lozungulira, lowala, moti ndinadzionamo nkhope yanga ndi duku langa lopendekeka, n'kulikonza.

Ndinadzuka. Ndinayenda pakati pa njinga ziwirizo mwakachetechete ngati munthu wolowa m'chipinda cha wodwala. Chipo analira, ndinakhala pamwala n'kumuyamwitsa mbali zonse ziwiri, anagona, anadzuka, anamera dzino, njingazo zisanasunthe ngakhale pang'ono. Ndinabwerera pamzere kukayeza. Ndinasolola ulusi pachitenje, unali waukulu kuposa mpata wa pakati pa matayala awiriwo. Ndinazula tsitsi langa, linali ngati mtengo wa bulugamu. Ndinatenga nsidze imodzi imene inagwera patsaya la Chipo, ndinaing'amba pakati ndi chikhadabo, theka lake ndinaling'ambanso, ndipo kachidutswa kameneko ndi kamene kanalowa, mothinana. Pamzere pomwepo panali nyerere itasenza kambewu ka phulusa, itaima pakati pa matayala onse awiri, ndipo ndinaona tayala la Che Saidi litakhudza kale kanyanga kake kakumanzere pamene la abambo ake Chipo linali likupempha kumene chilolezo kwa kakumanja. Chigamba changa chotupa chija chinali chitazungulira kumbuyo. Chikanakhala kutsogolo bwenzi nkhani ili ina.

Ndisanabwerere pamalo panga ndinayang'ana amuna anga kumaso. Sindinawaonepo okongola chotero, pakamwa pali yasa, mitsempha ya m'khosi itaima ngati mizu. M'maso mwawo munali msewu wautali wosalala wopanda maenje, mapiri abuluu, mtsinje wa Limpopo uli kumbuyo kwawo, anthu ovala zowala akuwomba m'manja, ndi kachipinda kapamwamba kokhala ndi zenera lalikulu. Ndinasuzumira m'kachipindako, ndinaona njinga yatsopano itatsamira khoma, mpando umodzi, kapu imodzi. Ndinafunafuna kansapato ka mwana pansi pa bedi, sindinakapeze.

Ndinagwadanso, ndinatsitsa zikope pang'ono, dziko linayambiranso. Anadutsa ngati mphezi ziwiri, phulusa linauluka lonse, ndipo maso a Zengeza yense anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira, ndinasasa mawondo, n'kunena kuti, "Che Saidi."

Nthungululu zinang'amba mitambo. Ndani akanatsutsa? Mkazi atagamula kuti mwamuna wake yemwe wagonja, ngakhale kamera ikanadzuka bwenzi itapepesa. Mkulu wa ku Joni anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti akanakhala ndi malo akananyamula maso angawa m'botolo. Abambo ake Chipo anabwera akukankha njinga, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Wandiposa motani, amake mwana?" Ndinati, "Ndi kachidutswa ka nsidze ya Chipo." Anagwedeza mutu, anamasula mwana kumsana kwanga n'kumukhazika pachishalo, tinayenda wapansi mpaka ku Manyame Park.

Che Saidi anapita sabata yomweyo. Amayi ake amandipatsa moni mpaka lero, ndipo pa chikondwerero cha Idi amanditumizira mbale ya mpunga, ngakhale chaka chimene mpunga unkaoneka m'maloto mokha. Amuna anga ntchito ya ku Harare inatha fakitale itatseka, tsopano amakonza njinga pansi pa mtengo uja pafupi ndi masitolo. Njinga yaliwiro ikadutsa, sipanala imaima m'manja mwawo, amaiperekeza ndi maso mpaka ithere pakona. Amauza makasitomala awo monyada kuti, "Mkazi wanga sanama, ngakhale chifukwa cha ine."

Sunthirani kuno, inu Mai Tino, ndi inunso asisi, mjigo ukulira mokwanira kuti ena asamve. Awiri aja atatulukira pakona paja, mapewa akukhudzana, mtima wanga unakana. Ndinatsinzina. Ndinafinya zikope mpaka misozi inatuluka, ndinamva mphepo yokha ikundiwomba kumaso, ndipo nyerere ija, nsidze ija, kachipinda kaja, zonse ndinaziona mumdima wa kuseri kwa zikope zanga. Dzina la Che Saidi linali lili kale pansi pa lilime langa masiku ambiri m'mbuyomo, likungodikira. Amene anayamba kukhudza phulusa sindimudziwa, ndipo padziko lonse lapansi palibe amene amamudziwa.

Chimene ndikudziwa n'chakuti lero m'mawa Chipo wapita kusukulu atakhala pakariyala, manja ake atazinga m'chiuno mwa abambo ake, akuwakalipira kuti akupalasa pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Mukumva? Ndiye wina aimirire pano anene kuti ndinagamula molakwa.