Kazembe wa Sipeyini ku Nsaru

Lolemba
Dziko lonse lidziwe: kuyambira lero ine ndine kazembe wa Sipeyini kuno ku Nsaru. Ndadzisankha ndekha, wopikisana naye panalibe. Mwana wanga Esinati, amene ali ku Lilongwe, wanditumizira foni yodzaza mafilimu akumeneko. Chiyankhulo sindikumva, koma anthuwo ndawamvetsa: amakangana pachakudya, kulira, kenako kuvina. Abale anga enieni. Sabata ino ndikhala ngati iwo.
Akazi anga a Nabanda akuti: "Fodya akapanda kusokedwa pofika Loweruka, foniyo ibwerera ku Lilongwe." Zazing'ono.

Lachiwiri
Mwambo woyamba: kugona masana. Ndayala mphasa m'chigafa momwemo kuti fodya azindiona. Ndadzuka dzuwa litapendeka, nkhuku ili pamimba. Fodya wosokedwa: palibe. Chikhalidwe: chikuyenda.

Lachitatu
Moni wopsompsona m'masaya. Ndayesera a Chimphepo, mkulu wa mpingo, pasitolo. Tsaya limodzi ndakwanitsa, linalo athawa nalo. Akuti: "Kodi achimwene, mwayamba liti kachasu?"

Lachinayi
Kulimbana ndi ng'ombe! Zida: chitenje chofiira cha a Nabanda, jekete la ukwati, mtima. Nkhunzi yaukali yabwera, ndaizinda kawiri, kachitatu yanditengera m'mbatata. Chitenje chang'ambika. Ndanena kuti ndi minga.

Lachisanu
Ndaitana anansi kudzaonera filimu, womasulira ndine. A Chimphepo abweranso, akhala patali ndi ine. Zinayamba bwino, mpaka bambo ndi mayi a mufilimumo ayamba kuvula. Ndavundikira foni ndi chipewa, ndati ali kuchipatala, akupimana. Mawu osaleka. A Nabanda akuti: "Chotsani chipewacho, tione ngati achira."

Loweruka
Ndasoka fodya kuyambira m'mawa. Zala zatupa, mulu uli pomwepo. Ndafotokoza kuti ku Sipeyini salima fodya. A Nabanda akuti: "Ndiye kumeneko mukadya chiyani?" Foni alanda.

Lamulungu
Kutchalitchi a Chimphepo andipatsa moni wa dzanja, mkono atautambasula wonse. Foni sinapite ku Lilongwe. A Nabanda agona nayo masana pamphasa yanga ija, akufuna aone ngati mayi wa mufilimu uja amusiya mwamuna wake waulesi. Akuti akumudziwa.
Ukazembe ndatula, mawa ndisoka. Ndivomere chimodzi: nkhunzi ya Lachinayi ndapeka. Inali mbuzi ya a Chimphepo. Koma zogwera m'mbatatazo ndi zoona.