Ndinalira Maliro a Mgiriki ku Embakasi

Mayi anga sakuyankha foni yanga, mwezi wachiwiri uno. Chifukwa chake ndi filimu ya Agiriki, ndipo ndikuuzani ngakhale ndi zamanyazi.

Achimwene anga a Lemani anamwalira ku Dedza pasipoti yanga ili ku ofesi yoona za zilolezo zogwirira ntchito kuno ku Nairobi. Ndinachonderera, koma sinatuluke. Maliro ndinaonera pa foni ndili pa mpando kunyumba kwanga ku Buruburu, misozi osatuluka ngakhale dontho. (Ungalire bwanji wekhawekha m'nyumba ya lendi, aneba akukuwira mpira?)

Patapita masabata atatu, mnzanga wa kutchalitchi, mayi Gondwe, anati ndipitidweko mphepo. Anyamata ena ankajambula filimu ku Embakasi, dera lina la Nairobi, ndipo ankafuna azimayi oti akhale anamfedwa.

"Mungoimirira basi, asisi, no acting," anatero. "Ndi lunch yomwe atipatsa."

Nkhaniyo anaitenga m'ndakatulo yakalekale ya Agiriki: msilikali wapha mwana wa mfumu, wakhwekhwereza mtembo pa fumbi, kenako abale akuika maliro. Koma iwo anaisandutsa ya zibakera. M'malo mwa akavalo munali njinga zamoto, mikondo inasanduka mfuti zapulasitiki, ndipo mfumuyo inavala magalasi akuda.

Wotsogolera filimuyo, Mkenya wandevu, anati mtembo ukamadutsa tingoweramitsa mitu mwakachetechete. Akawerenga kufika khumi, chigalimoto chakale chomwe chinali kumbuyo kwathu chiphulika, ife tithawe. "Galimoto ndi imodzi yokha," anabwereza katatu. "Mukalakwitsa, ina palibe."

Anatipatsa nsalu zotuwa. Ine ina ndinamanga m'chiuno, ina kumutu, monga timachitira pa maliro kwathu (manja anachita okha). Kenako amuna anayi anatulukira atanyamula mtembo pa machira, mapazi ali pamtunda. Mapazi aakulu, zidendene zong'aluka, ndendende a achimwene.

Kwathu mzimayi saona mtembo n'kungoweramitsa mutu ngati ali pa mzere wa kubanki. Ndinangomva mawu akutuluka okha: "Mayo ine! Achimwene anga ine! Mwandisiyira yani?"

Ndinadzigwetsa, ndinagubuduzika, ndinakakamira miyendo ija. Mtembo unatsegula diso limodzi. Mayi Gondwe, m'malo monditseka pakamwa, nawonso anakumbuka kwawo: anandigwira m'chiuno n'kuyamba kundithandiza kulira. Galimoto inaphulika pa nthawi yake. Onse anathawa, ndi mtembo womwe, koma awirife tinatsala patsogolo penipeni pa kamera, utsi uli tolotolo, ine ndikutchula ana a malemu mmodzimmodzi.

Wandevu uja anabwera manja ali kumutu.

"Mama, pole sana," anandipepesa m'Chiswahili. "Koma Mgiriki ameneyu mumamudziwa?"

Ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, mawu atasasa, tsitsi lili fumbi lokhalokha. Chochititsa manyazi kwambiri n'choti mtima unandipepuka koyamba chimwalirireni achimwene. Ndinayesa zathera pomwepo.

M'filimumo anandichotsa. Koma wina anali atajambula pa foni, n'kuikapo nyimbo yovina pamwamba pa mawu anga. Kavidiyoko kanazungulira pa gulu la Amalawi akuno, kenako kanafika ku Dedza. Mayi anga anaimba Lamlungu m'mawa.

"Takuona," anatero. "Kulira umatha ndithu."

"Amayi, ndinkalira achimwene."

"Achimwene ako tinaika kuno. Amene unagwira miyendo uja ndi mwana wa yani?"

Anadula foni, mpaka lero.

Pasipoti inatuluka sabata yatha, ndipo ndikupita kukaona manda. Mwambo umati ndiyambe kulira ndikangotsika pamsewu, mpaka kukafika pakhonde pa mayi. Ndili ndi mantha enieni. Misozi ija ndinaithera ku Embakasi, ndipo mudzi wonse unaona mmene ndimalirira zikandifika pamtima. Ndikakalira mochepera pamenepo, mayi adziwa kuti mwana wawo wachepa kwa Mgiriki.