Njinga ya Chishalo Chimodzi

Lolemba

Basi, ndatsimikiza. Boba ndikuigulitsa sabata ino.

Njinga zamoto zomwe ndidabwera nazo kuchokera ku Joni:
- yofiira, ilibe injini;
- yobiriwira, pansi pake nkhuku ikufungatira mazira;
- Boba, yokhayo yoyenda. Yakuda bii, tayala lakumbuyo ngati la thirakitala. Ikalira, agalu a pa Njuli ponse amayankha.

Ndidaipanga ndekha kugalaja komwe ndinkagwira ntchito. Kumeneko boba ndi njinga yoduladula: kaliyala kuchotsa, madigadi kufupikitsa, chishalo kusiya chimodzi. Chakumbuyo ndidadula chaka chomwe mayi akunyumba adamwalira. Ndinkati akhalepo ndaninso.

Ndiye lero kumsika. Anachisale, amayi amasiye ogulitsa tomato pafupi ndi chigayo, akundipempha kuti Lamulungu ndiwanyamule kupita ku Magomero. Kuli chinkhoswe cha mwana wa achemwali awo. Akuti anyamata a kabaza amathamanga ngati alumidwa ndi njuchi, iwo akufuna munthu wamkulu, wodekha.

Pakamwa panga: "Palibe vuto, mayi."

Palibe vuto! Akhala pati, pamutu panga?

Pulani: kugulitsa Boba, Loweruka kukagula njinga wamba ya anthu awiri ku Limbe. Ndalemba pakatoni kuti IKUGULITSIDWA, ndakhoma pamtengo wa mango. Ndikudya ndekha monga mwa masiku onse, koma lero ndikuimba.

Lachiwiri

Chiperoni. Katoni yanyowa, zilembo zikutsetsereka.

Komabe afika, gulu la anyamata a kabaza. Chibwerereni kuchokera ku Joni pabwalo panga sipanadzazepo chonchi. Ndikuwawiritsira mbatata, ndikubwereka makapu kwa aneba.

Wolankhula kwambiri ndi Yusufu. Akuizungulira, akugwada, akusuzumira kunsi. Mafunso ake:
- pasinjala akhala pati?
- thumba la nandolo amanga pati?
- nanga mbuzi?
- petulo imamwa ngati munthu kapena ngati ng'ombe?

Ndikumuuza kuti iyi si njinga ya mbuzi. Ndikuiliza. Du-du-du-du! Malata kunjenjemera, nkhuku kubalalika, anyamata kuwomba m'manja. Mtima wanga mbee.

Kenako Yusufu, mbatata ili m'kamwa: "Madala, njingayi ndi yabwino. Koma ndi ya munthu wopanda abale."

Onse akuseka. Inenso ndikuseka nawo, nanga nditani? Mbatata amaliza, wogula palibe. Mawu ajawa akundipwetekabe.

Lachitatu

Katoni yatsopano, ndaiveka pulasitiki.

Kwabwera abusa a kampingo katsopano ka ku Mauwa, jekete yonyezimira. Akufuna njinga yoyendera misonkhano. Akufunsa pomangira chimkuzamawu. Palibe. Pokhala amayi busa? Palibe.

Aona malawi a moto amene ndidajambula pathanki. Ayi ndithu, nkhope yasintha. Akuti chizindikiro chimenechi akuchidziwa bwino, njingayi ikufunika pemphero. Ndisanayankhe ayamba kale. Kupemphera, kupemphera, mpaka tiyi kuzizira. Atulutsa kabotolo, adzoza thanki yanga mafuta ophikira!

Pomaliza akundifunsa ngati Mulungu sanandinong'oneze kuti ndiipereke ku ntchito yake. Ndikuti kwa ine sanafike. Anyamuka, buledi atenga.

Masana onse ndikupukuta mafuta. Nyerere zafika kale.

Madzulo ndikudutsa kumsika ngati ndili ndi zogula. Anachisale andiwonjezera tomato pamulu, akuti agula chitenje chatsopano cha ulendowu, ndisawachititse manyazi. Ndikungogwedeza mutu ngati gulo. Tomatoyo sindidya, ndamuika pawindo.

Lachinayi

Lero ndiye lero, ndipo ndaliwononga ndekha.

Mphwanga wa ku Blantyre adaika chithunzi cha Boba pafoni. Kwabwera bambo wina pagalimoto, ngolo yonyamulira njinga ili kumbuyo. Uyu ndiye wodziwa! Wangomva kulira, injini waitchula dzina. Akusisita mowotcherera, akufunsa amene adapinda mahandulo. Ndikuti ndine. Akundigwira chanza ndi manja awiri.

Palibe adandifunsapo zimenezi kuno. Ndiye ndatsegula pakamwa. Za galaja, za misewu ya ku Joni, za mayi akunyumba m'mene ankandigwirira m'chiuno uku akukuwa kuti ndichepetse liwiro. Zithunzi ndatulutsa. Tiyi kawiri. Munthu akuyang'ana wotchi, ine osaona.

Mtengo wavomera osatsitsa. Watambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi.

Dzanja langa lakana kutuluka m'thumba.

Ndikumva pakamwa panga pakuika malamulo:
- isamagone panja;
- asaisinthe mtundu;
- mwezi uliwonse azibwera nayo kuno ndiziimva kulira, tiyi ndiziwiritsa ine.

Awiri oyambawo wavomera. Pa lamulo lachitatuli wandiyang'ana nthawi yaitali, ngati m'mene amayang'anira wodwala.

"Bambo, mukakonzeka mundiimbire."

Wapita ndi ngolo yopanda kanthu. Nambala sanasiye. Chitsiru ine, chitsiru chenicheni! Makapu awiri ali patebulo, ndilibe mphamvu yotsuka.

Lachisanu

Pulani ina. Kugulitsa kwakanika, ndiye ndiwotchereretsa kaliyala pa Boba.

Kaliyala ndikumasula panjinga yobiriwira. Nkhuku yandijompha padzanja, magazi.

Kwa wowotcherera pa Njuli: magetsi adazima m'mawa. Akuti abwera posachedwa. Ndikukhala pachitini. Iye akusewera bawo. Dzuwa pamutu, magetsi ayi. Dzuwa kupendeka, magetsi ayi.

Atatopa ndi bawo akubwera kudzayeza ndi chikhatho. Akuti ngakhale magetsi akadakhalapo, kumbuyoku ndidadula kwambiri, wokwera adzakhala patayala penipeni. Akufunsa kuti kodi amene adadula chonchi ankaganiza chiyani.

Ndikuti sindikumudziwa.

Pobwerera ndikulambalala msika, kudzera kuseri kwa chigayo ngati wakuba.

Loweruka

Pulani yomaliza: pilo. Ndamanga pakamadigadi kaja ndi mphira za chubu. Ikuoneka bwino ndithu, ukaima patali.

Kuyesa kaye. Ndakwezapo thumba la gaga, lolemera ngati Anachisale, Mulungu andikhululukire.

Zotsatira:
- pilo yapsa ndi ekizozi;
- tayala lang'amba thumba;
- gaga mseu wonse, mzere woyera mpaka pamlatho;
- nkhuku za m'mudzi muno zonse zikunditsatira ngati ndine mwini wake;
- usiku uno ndigona opanda pilo.

Akadakhala Anachisale!

Ndasamba, ndavala malaya abwino, ndapita kumsika wapansi. Anachisale ndawauza zonse. Akumvetsera uku akusanja tomato, osandiyang'ana.

"Nanga osanena Lolemba lomwe lija bwanji, bambo?"

Ndikuyang'ana nsapato zanga. Akuti basi alankhula ndi Yusufu, koma ine ndifikebe m'mawa, pali katundu wina woti ndinyamule.

Manyazi andigwira mpaka m'makutu.

Lamulungu

Katunduyo ndi jigubu ya thobwa.

Pomangira palibe, ndiye Anachisale andibereketsa kumsana ndi chitenje chawo chakale, ngati mwana. Ine, mdala wa imvi! Mfundo akumanga okha pachifuwa panga, akukoka, akufunsa ngati yathina. Ndikuti ili bwino. Zoona zake yathina, koma ndi zaka zambiri munthu asanandigwire chonchi, ndikulakalaka akadamanga ina.

Iwo akwera kwa Yusufu. Chitenje chatsopano, dzanja paphewa pake. Kumbuyo kwawo mnzawo wina, kumbuyo kwa mnzawoyo beseni. Anthu atatu ndi beseni pakanjinga kolira ngati udzudzu.

Ndikuyesa kuyenda nawo limodzi. Boba sidziwa kuyenda pang'onopang'ono, ikutsokomola, ikufuna kuzima. Ndaitsegulira. Ku Magomero ndafika ndekha, iwo akadali kutali.

Thobwa lachita thovu ndi kugwedezeka, latsikira kumsana mpaka m'buluku. Andithokoza, andipatsa mpando pakati pa azibambo osawadziwa. Ana aunjikana panjinga. Anachisale ali pakati pa abale awo, akuvina, akufupa. Andikweza dzanja kamodzi. Akuti agona konko.

Ndabwerera wopepuka kumsana.

Katoni ija ndakolezera moto. Boba sigulitsidwa, ndavomera. Yofiira ilibe injini, yobiriwira ilibe kaliyala, ine ndilibe pilo.

Chitenje chija Anachisale aiwala kundifunsa. Ndachapa, ndayanika pamahandulo a Boba. Kumsika sindikapereka. Mwina adzabwera okha kudzatenga.

Ndasesa pabwalo. Pakhonde ndatulutsa mpando wachiwiri.