Kadontho Kofiira pa Foni Yanga

Lolemba

Tadala, mwana wanga wa ku Joni, akuti Loweruka 2 koloko adzaimba pa vidiyo kuti ndione mdzukulu wanga woyamba. Bandulo ndagula. Ifike Loweruka ili moyo, zivute zitani!

Adani ake ndi atatu:
- netiweki ya ku Zambia, imene imalowa m'foni ngati mbuzi m'dimba
- gulu la WhatsApp la mphakati wathu (zithunzi za maluwa m'mawa uliwonse!)
- chala changa.

Gululo sinditsegulanso sabata ino.

Lachiwiri

Kuzimitsa data ndi ulendo. Ulowe apa, utsike, ulowenso apo. Ndasochera kawiri. Amayi a Tadala akuti, "Kokani kuchokera pamwamba, bambo, timabatani tili pomwepo." Zoonadi! Koma chala chosenda mtedza sichisankha. Ndayatsa tochi. Kenako kandege kodula netiweki yonse.

Lachitatu

Nzeru zabwera! Ndatenga kyuteksi wofiira wopaka zikhadabo wa amayi a Tadala, ndadontheza pagalasi, penipeni pa batani la data. Koka, dina pofiira, basi. Anthu opanga mafoniwa sukulu yawo inali ya chiyani?

Lachinayi

Foni ndakatchajitsa paboda kwa a Zulu, omwe ali ndi WiFi ya madalaivala a mathiraki. Pondibwezera akuti, "Mdala, nakukonzerani tumabatani, WiFi na data pafupi. Manje ni vosavuta." Ndathokoza, osafunsa zambiri. Data aisiya yoyaka, ndiye ndangokoka, ndadina pofiira kuti izime. Ndine katswiri.

Lachisanu

Amayi a mphakati abwera kudzatithandiza kusenda mtedza. Amabwera anayi, lero ndi khumi ndi mmodzi. Malichero ali phee, mitu yonse ili m'mafoni. Mai Phiri akuti, "Pakhomo panu pali madalitso, intaneti yaulere!" Ndaseka nawo. Ndati mwina ndi ya ansembe a ku seminale ya Kachebere, yabwera ndi mphepo.

Foni ikutentha m'thumba. Mtedza wosenda sunadzaze ndi ndowa yomwe.

Loweruka

Ndameta. Jekete ndavala. Hafu pasiti wanu ndili pachulu, pamene netiweki yathu imagwira bwino. Uthenga ukulowa: bandulo yatha.

Yatha bwanji?

Ndapala kyuteksi ndi chikhadabo. Pansi pake pali kachizindikiro kachilendo. Amayi a Tadala akusuzumira: "Iyo ndi hotisipoti, bambo, yogawira anthu intaneti." A Zulu anasuntha mabatani, kadontho kanga kanatsala pomwepo. Data sinazime chiyambire Lachinayi. Ansembe aja ndinali ine.

Ogulitsa bandulo ali kuboda, njinga ndi yophwa. 2 koloko yandipeza pachulu, m'jekete. Mtima ukuwawa, sindinama.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi Mai Phiri akundigwira dzanja. "Agogo, mwana makutu ngati inu!" Ndikudabwa kuti amuona kuti. Kani Tadala anaponya kavidiyo pagulu la mphakati Lachisanu m'mawa. Amayi onse aja anakaonera pakhomo panga, ndi bandulo yanga, ine ndili pompo ndi lichero. Amayi a Tadala nawo anaona, anangoti zii kuti asandiwonongere za Loweruka.

Ndaonera pa foni ya Mai Phiri, katatu, pansi pa mtengo wa mango. Mwanayo akuyasamula, kankhonya kali patsaya. Misozi ndaipukuta ndi tayi.

Makutuwo ndi angadi, kalanga mwana.

Kyuteksi ndabweza kwa mwini wake.