Tsiku Limene Ndinakwera Madzi ku Nkopola

Amene akuti madzi sanganyamule munthu abwere adzandiuze pamaso, asamalankhulire kuseri kwa mashopu. Ndikunena inu Che Jafali okonza mapampu, amene mukuuza anthu kuti madzi a m'paipi angamugwetse munthu kapena kumuthyola nthiti, koma kumukweza ayi. Munali kuti tsikulo? Munali kumzikiti. Ine ndinali m'mwamba. Ndilibe nthawi yobwerezabwereza nkhaniyi, ndiye ndailemba kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ndimachapa pa loji ina ku Nkopola. Lachisanu limenelo kunabwera mkwatibwi wochokera ku Blantyre, ndipo anandipatsa velo yake ya ukwati kuti ndiyichape, imafunika 2 koloko pojambula zithunzi. Nditangoiponya pachingwe, ndisanaipanire n'komwe, mwera unabwera kamodzi n'kamodzi, velo iyo, kukakola pansonga pa mgwalangwa wautali uja umene ngakhale anyani amangouyang'ana n'kudutsa. A manijala anali atanena kale kuti chinthu cha mlendo chikasowa m'manja mwako, nyamula kathumba kako uzipita. Ine ana anayi amadya pa ntchito imeneyi.

Ndinayang'ana mwamuna woti akwere, kunalibe. Alonda, othirira maluwa, oyendetsa boti, onse anali atatawaza kale n'kupita kukaswali kumzikiti, chifukwa kuno Lachisanu masana mwamuna simungamupeze ngakhale denga likupsa. Makwerero analekezera m'chiuno mwa mtengo. Ndidikire? Ine madzi a tiyi sindimawadikira kuti awire.

Maso anga anagwera pa pampu ya injini yothirira kapinga, imene imakoka madzi m'nyanja ndi paipi yonenepa ngati ntchafu yanga. Tsono tcherani khutu, Che Jafali, muphunzire ntchito yanu. Madzi akamatuluka pakamwa potakasuka amangokhuthuka mwaulesi, koma muwapanikize potulukira, amathamanga, ndipo akathamanga amakankha. Ndinadula botolo, khosi lake n'kulimangirira kukamwa kwa paipi ndi mphira wa njinga, paipiyo n'kuikwirira mumchenga patsinde pa mgwalangwa, kukamwa kutaloza kumwamba. Kukhalira madzi amenewo ndi thupi lokha ndikanang'ambika, pamenepo simunaname. Koma ine ndinatenga beseni langa lachitsulo n'kulivundikira pamwamba, kuti madzi akamenya m'katimo azibwerera pansi, chifukwa madzi obwezedwa amakankha kawiri, pofika ndi pobwerera. Amene anatsukapo mbale pampopi wamphamvu akudziwa.

Ndinaliza injini, ndinamanga chingwe ku chotsegulira madzi, chitenje ndinachikulunga ngati thewera, ndinakhala pabeseni, ndinati Bisimila, n'kukoka.

Mukumva? Beseni linalira ngati ng'oma, ndipo ine, munthu wolemera ngati thumba la chimanga ndi theka, ndinanyamuka ngati nthenga ya nkhuku, kudutsa denga la khitchini, kudutsa mtengo wa mango, kudutsa mgwalangwa womwewo ndisanatambasule n'komwe dzanja, chingwe chija n'kupulumuka m'manja mwanga, ine ndikungopita, mpaka madzi anayamba kutopa, chifukwa nawonso amatopa akamakwera, ndipo pamene mphamvu yawo inafanana ndi kulemera kwanga, ndinaima. Mumlengalenga, wallahi, ndinaima njii! Mufunsa kuti sindinagwe bwanji? Ndasenza ndowa pamutu kuyambira ndili ndi mano a mkaka. Tsikulo ndowa ndinali ine, mutu anali madzi, ndiye ndimadziwa kopendekera.

Kumeneko ndinaona belu la tchalitchi cha ku Malindi kutsidya, ndinaona zigafa za fodya ku Namwera, ndinaona bambo wina wa ku Mozambiki akukankha njinga yophwa tayala, ulaliki wa kumzikiti ndinaumva ukuchokera kunsi kwa mapazi anga, ndipo nkhwazi ina inandizungulira katatu, yodabwa kuti mayi wochapa akufuna chiyani kwawo. Pansipo pampu inali ikumwa nyanja osapuma, chifukwa petulo ndinadzaza ndekha mpaka kukhosi, ndipo woti aizimitse panalibe. Madzi anaphwa, ngalawa zinakhala pamchenga, miyala imene sinaonepo dzuwa inatuluka, usipa unayamba kukwera m'paipi n'kumamenya beseni ngati matalala, kenaka utaka, kenaka chambo, kenaka kampango wamkulu amene anandigunda mpaka ndinaluma lilime.

Azimayi otsuka mbale m'mphepete mwa nyanja anafuula, "Abiti Saidi, mutimalizira nyanja! Amuna athu akavuwa kuti nsomba mawa?"

"Zimitsani pampuyo, anzanga!"

"Ife injini sitigwira!"

Mukumva? Dzuwa linali litapendeka, 2 koloko ikuyandikira, ine ndili pamwamba pa mitambo, velo ili kunsi, ntchito ikundithera ndikuona. Anandipulumutsa si munthu. Inali mvuu. Itaona kuti madzi akuithawa inabwera kudzafufuza, ndiye potembenuka, paipi yokoka madzi inaigwira thako, phaa, osaisiyanso. Mvuu kukoka, pampu kukoka, madzi n'kuyamba kuchepa pang'onopang'ono, ine n'kumatsika bwinobwino ngati mfumukazi, mpaka ndinafika pansonga pa mgwalangwa, ndinatambasula dzanja, ndinapapasa masamba onse.

Velo panalibe.

Mtima unandisiya. Ndinatera pamchenga ndikuganiza kale zoti ndikawauza chiyani ana anga madzulo. Ndinazimitsa injini, mvuu inathawa osayang'ana kumbuyo, nyanja inabwerera m'malo mwake. Potembenuka, ndinaiona. Velo ija inali pa kapinga, yoyera mbee, yotsukidwa kachiwiri, kausipa kamodzi kakuphiriphitha pamwamba pake. Ndinaitola, ndinaikung'untha, ndinathamanga nayo kokasita. Mkwatibwi anaivala nthawi yake, anati ikununkhira mphepo ya kunyanja, ndipo a manijala mpaka lero sakudziwa kanthu. Ntchito ndikadali nayo.

Chimodzi chokha ndivomere, popeza sindinama. Velo ija inagwetsedwa ndi madzi oyambirira aja, amene anathovokera m'mbali mwa beseni pamene ndimadutsa mgwalangwa popita. Ndikanangoima pansi n'kuloza paipi kunsonga kwa mtengo, ikanagwera m'manja mwanga, phazi langa osachoka pamchenga. Zimenezo ndinaziganiza ndikusita.