Mbuzi imene ndinajambula ku Leeds

Nkhani iyi ana anga amandiletsa kuifotokoza, ati imachititsa manyazi banja lonse. Koma akamaifotokoza iwowo amathiramo zawo, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Unali ulendo wanga wachiwiri ku Leeds, ku Mangalande, kwa mwana wanga Enelesi, amene ndi nesi kumeneko. Ndinapeza m'nyumba muli nkhondo. Mdzukulu wanga Tadala anali atamaliza sekondale ndipo ankafuna kukalowa koleji ya zojambula. Osati ya boma ayi, ya munthu, yoti mwini wake amadyerapo. Anali ndi kabuku kawo konyezimira, m'kati muli ana atagwira maburashi, onse mano pamtunda ngati auzidwa kuti aseke. Fizi yake inali yoti imeze ndalama zonse zimene Enelesi ankasungira nyumba yake ya ku Mponela, imene inali itaima pa mawindo. Enelesi ankakayika, Tadala ankalira m'Chizungu, chitseko cha kuchipinda n'kumamenyedwa.

Tsono ine ndinalima fodya zaka makumi anayi ku Dowa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2 (vuto linali la aphunzitsi, osati langa), koma wakuba ndimamuona akadali kutsidya kwa msewu. Ndinawakhazika pansi n'kuwauza mmene timachitira kwathu. Venda akabwera pamudzi ndi sikelo yake, suyamba ndi fodya. Umayamba wamupatsa mwala umene ukuudziwa kale kulemera kwake. Sikelo ikanama pa mwala, ndiye kuti inamanso pa fodya.

"Nanga mwala wake tiutenga kuti, ababa?" anafunsa Enelesi.

Ndinaitanitsa pepala ndi pensulo, n'kujambula mbuzi. Chibadwire changa ndinali ndisanajambulepo kanthu, kupatula kulemba mizere ya nazale pansi ndi ndodo. Miyendo inatuluka isanu (wachisanuwo unayamba ngati mchira, kenaka unangopitirira). Enelesi anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Tinapangana momveka bwino: akaiyamikira mbuzi imeneyi, sukuluyo ndi ya akuba ndipo nkhani yatha. Akaikana, nyumba ya ku Mponela idikire, mwana aphunzire. Tadala anavomera msanga, poti sukulu yakeyo ankaikhulupirira.

Lachitatu ndinavala suti ndi tayi, tinakwera basi ine ndi Tadala. Sukuluyo tinaipeza pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti, ndipo ine kukayikira ndinayambira pa masitepe pomwe. M'kati munkanunkha penti watsopano. Ana asukulu ndinawaona atatu okha, mmodzi akugona. Ndinafunsa kuti aphunzitsi ali kuti (anthu amati ndimakuwa, pamene ine ndimangofuna kuti aliyense amve). Mayi wotilandira, watsitsi lofiira, anati atanganidwa. Koma fomu yolipirira inali kale patebulo, cholembera chili pamwamba pake. Anatipatsa tiyi ndi mabisiketi. Venda wopereka tiyi ndiye woopsa kwambiri, choncho ndinamwa maso ali pa iye.

Anatsegula chikwama cha zithunzi za Tadala, zimene mwanayo anazivutikira zaka ziwiri, n'kumazitembenuza mofulumira akuyamikira chilichonse. Apo ndinati nthawi yakwana. Ndinatulutsa mbuzi yanga m'thumba la jekete, n'kuuza Tadala amasulire kuti nanenso ndikufuna malo.

Mayiyo anailandira ndi manja awiri. Anaiika patali, anaibweretsa pafupi. Kenaka anayankhula nthawi yaitali, dzanja lili pamtima. Tadala anamasulira nkhope ili pansi. Ati dzanja langa silinaonongedwe ndi sukulu. Ati mizere yanga ili ndi mphamvu. Ati ena amaphunzira zaka zambiri kuti adzafike pamene ine ndili kale.

Apa ndiye pamandivuta kufotokoza. Ndinayenera kumenya tebulo, kumugwira Tadala padzanja, n'kutuluka. Sikelo inali itanama pamaso panga. Koma ndinaiyang'ananso mbuzi ija. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo kuti m'dzanja langa muli china kupatula matuza a khasu. Ndipo kunena zoona, ili m'manja mwa mayiyo, mbuziyo inkaoneka ina. Mwendo wachisanu uja unkaonetsa ngati ikuthamanga. Ndinangomva pakamwa panga pakufunsa ngati ali ndi makalasi a akuluakulu. Anali nawo.

Tinakwera basi yobwerera. Ine ndinayankhula njira yonse. Pofika kunyumba ndinalengeza kuti sukuluyo ndi ya anthu odziwa ntchito yawo, Enelesi alipire basi.

"Ababa, nanga mwala uja?" anafunsa Enelesi.

"Mwala uja ndinaupeputsa ndine," ndinatero. "Unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira."

Patatha sabata kunabwera makalata awiri, ya Tadala ndi yanga, tonse atitenga. Lamulungu, mapemphero atatha, pamene Amalawi amasonkhana kumwa tiyi m'holo, ndinayendetsa kalata yanga ndi mbuzi yomwe kuti aliyense agwireko. A Mwale, mnzathu wa ku Zambia, anaitembenuza kawiri n'kufunsa ngati ili bedi. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti nsanje idzawapha. Ndinalangizanso makolo onse kuti atumize ana awo kumeneko (mwamwayi palibe anandimvera, Amalawi a ku Leeds ndi ouma mitu).

Masana omwewo ndili pampando, Tadala anabwera ndi kalata yake n'kuiika pambali pa yanga. Anayankhula Chichewa, ndipo mwana ameneyu akayankhula Chichewa ndiye kuti zafika povuta.

"Agogo, inu mumati mumadziwa kusankha fodya. Tasankhani awa."

Chizungu cholembedwa sindichitha, koma diso losankhira masamba ndili nalo. Ndinawasanjikiza makalata aja n'kuwaika pa galasi la windo kuti kuwala kudutse. Mzere unagwera pa mzere, kadontho pa kadontho, ngakhale siginecha ya pansi. Chosiyana chinali dzina lokha.

"Ngati ine ndi mbuzi yanu tili giredi imodzi," anatero, "ndiye kuti zanga sanaziyang'ane n'komwe."

Anayamba kulira, osati kulira komenyetsa zitseko kuja, koma kwachete. Ndinali nditatsala pang'ono kugulitsa nyumba ya mwana wanga ndi zaka zitatu za mdzukulu wanga chifukwa cha tiyi, mabisiketi awiri ndi dzanja la pamtima.

Fomu ija Tadala anaing'amba yekha. Anakalowa koleji ya boma ya mumzinda momwemo, kumene sabata yoyamba mphunzitsi anamuuza kuti manja amene amajambula amaoneka ngati masoseji. Tadala anabwera kunyumba atakwiya, n'kundikhazika pampando kuti ajambule manja anga. Anawajambula tsiku ndi tsiku mpaka ulendo wanga unatha, ndipo a kumapeto anatuluka ndi matuza omwe, mpaka chipsera cha chikwanje chimene ndinachiiwala kalekale. Nyumba ya ku Mponela inafoleredwa chaka chotsatira.

Enelesi anandiuza kuti mbuzi ija ndiitaye. Ndinavomera, n'kuibisa pansi pa sutukesi. Lero ili pakhoma kwathu ku Dowa, m'felemu, pambali pa chithunzi cha manja anga. Ndikudziwa bwino kuti sikelo ija inali yabodza, palibe chifukwa chondikumbutsira. Koma alendo akaima n'kufunsa kuti chinthu cha miyendo isanucho n'chiyani, ndimawauza kuti asavutike nacho, ku Ulaya anachimvetsa.